Funso Lachitatu la a Mulipangati

Malemu amene tawazungulira panowa anabadwa pa 9 Malichi 1957, m'chipinda cha lendi kuseri kwa msewu wa mafakitale. Anali oyamba mwa ana atatu: iwo, mlongo wawo amene akhala pafupi ndi bokosi apo, ndi mng'ono wawo wotsiriza. Ambirinu mumawadziwa kuti a Mulipangati, ndipo tiwatchula choncho, poti ngakhale anamwino kuchipatala anafika pomawaitana dzina lomwelo.

Tinene msanga chimene chativuta polemba mbiriyi. Mbiri ya malemu imathera pa kutchula amene atsala. Dzulo m'mawa banja linakhala pansi maola atatu osamvana ngati mng'ono wa malemu, amene sitinawaone kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, alembedwe pa mndandandawo kapena ayi. Kuti mumvetse chimene tinagamula, mumve kaye ntchito imene malemu ankagwira.

Anayamba sukulu mu 1964. Anali mwana wosalankhulalankhula koma wokonda samu, ndipo mlongo wawo akuti kuyenda nawo kunali kotopetsa, chifukwa ankaima kuti amalize kaye kuwerenga mawindo a nyumba iliyonse yaitali. Anasiyira Fomu 2 mu 1974, bambo awo atadwala. Chaka chotsatira analembedwa ntchito pa fakitale ya mabulangete, yosesa fumbi la thonje pansi pa makina olukira.

Mu 1979, akusesa pafupi ndi geti, anazindikira kuti makadi odindidwa m'mawa ankaposa anthu olowa ndi atatu. Atafufuza anapeza kuti makadi atatuwo ndi a anthu amene anamwalira kale, koma ankafikabe pa ntchito tsiku ndi tsiku, komanso mosachedwa kuposa amoyo. Mabwana anachotsa kalaliki wa pageti, mpando wake n'kupatsa malemu.

Ntchito yawo inali pawiri: kuwerenga olowa, ndi kuwerenga otsala kunja, aja odikira kuti mwina lero pafunika wina wonyamula katundu. M'mawa uliwonse ankatulutsa mutu pa kawindo ka kanyumba ka pageti n'kufunsa kuti, "Mulipo angati?" Wina akayankha kuti tilipo ambiri bwana, iwo ankati, "Ambiri si nambala. Imani bwino." Dzina lija linachokera pamenepo.

Pa 14 Ogasiti 1982 anakwatira mayi athuwa, amene ankasoka m'mphepete mwa mabulangete pa fakitale yomweyo. Mayi akuti anachedwa pa ntchito masiku atatu otsatizana, mphindi zinayi zinayi, ndipo malemu anawalemba masiku onse atatu, osakhululuka ngakhale limodzi. Tsiku lachinayi anawafunsira. Mayi akuti anavomera poganiza kuti munthu wosatha kunama za mphindi zinayi sangathe kunama za mkazi wina.

Mu 1984 mng'ono wawo analowanso fakitale yomweyo. M'holo ya makina mawu a munthu sankamveka, choncho iwo ankaitana anzawo ndi likhweru, mpaka onse anangowatchula kuti a Likhweru. Ankayendetsa okha makina asanu ndi limodzi. Makina ena anawadula nsonga ya chala cholozera cha kumanzere, iwo n'kumanena kuti fakitale yawalawa ndipo yawapeza okoma, siingawalavule. Abale awiriwa ankasiyana ngati pensulo ndi wailesi, koma nkhomaliro ankadyera limodzi pa benchi ya kuseri kwa geti kwa zaka khumi ndi zinayi.

Mu Okutobala 1998 mafakitale anayi a mumsewu uja, ya mabulangete, ya sopo, ya misomali ndi ya makatoni, anachotsa anthu 520 pa anthu 2,400. A Likhweru anali m'gulu la ochotsedwa. Malemu anatsala, poti panafunikabe wowerenga. M'mawa uliwonse pageti pankadzaza anthu mazana atatu, mpaka malole kulephera kulowa. Pa 2 Novembala mabwana anapatsa malemu pepala loti amate, lolembedwa kuti: Musasonkhane pano, ntchito ikapezeka tidzakuitanani kunyumba. Analimata ndi dzanja lawo, ndipo poti ankakhulupirira kuti cholembedwa n'choona, anayenda pakati pa anthu kuwanyengerera kuti amvere. Anayambira pa mng'ono wawo. "Iwe ukapita, enawa atsatira. Usamadziotche ndi dzuwa pachabe." A Likhweru anapita, ndipo ambiri anatsatiradi.

Mu Malichi 1999 bungwe la eni mafakitale ndi bungwe la ogwira ntchito anagwirizana zoyeza kuti ulova wafika pati mumsewu uja. Anaitana katswiri, mayi wina wa magalasi amene anthu anamupatsa dzina loti a Peresenti, ndipo malemu anabwerekedwa kwa masabata asanu ndi limodzi chifukwa ankadziwa nkhope ndi khomo la aliyense. Tsiku loyamba lonse linatha akukangana kuti mawu oti ntchito zakwanira amatanthauza chiyani. Bwana wa ku misomali anati ndi pamene makina aliwonse ali ndi munthu. Mtsogoleri wa ogwira ntchito anati ayi, ndi pamene munthu aliyense ali ndi makina. A Peresenti anati onse awiri akulota, chifukwa nthawi zonse pamakhala ena amene angochoka uku ndipo sanafike uko. Tsono ngati pa anthu zana ofuna ntchito osowa sakupitirira anayi, tizinena kuti zakwanira. Malemu anafotokoza kunyumba kuti aka kanali koyamba kumva kuti chinthu chingakwanire anthu anayi atatsala panja, koma anati mayiyo anaphunzira, iwo anasiyira Fomu 2.

Fomu yake inali ndi mafunso atatu. Loyamba: pa masiku asanu ndi awiri apitawa, mwagwirapo ntchito iliyonse, ngakhale ya ola limodzi? Lachiwiri: ntchito itapezeka mawa, mungayambe? Lachitatu: pa masabata anayi apitawa, mwachitapo kanthu posaka ntchito, monga kupita pageti, kulemba kalata, kapena kufunsa pagulu? Wovomera loyamba ankawerengedwa kuti ali pa ntchito. Wokana loyamba n'kuvomera awiri otsatirawo ndiye anali lova. Wokana lachitatu sanali pa ntchito, sanalinso lova. Ankalowa m'bokosi lachitatu, la anthu amene sali m'masamuwo.

Malemu anayenda khomo ndi khomo ndi pensulo ziwiri m'thumba la shati. Kwa mng'ono wawo anafika sabata yachisanu, Lachiwiri m'mawa. Anawapeza atakhala pa khonde atavala ovolosi yochapa bwino, nsapato zitamangidwa, monga ankakhalira tsiku lililonse podikira uthenga. Akazi awo anali pomwepo, mwana ali kumsana, ndipo ndi iwo amene anatisungira mawu a tsiku limenelo.

Mafunso awiri oyamba anayenda bwino. Pa lachitatu a Likhweru anaseka. "Ndikasake kuti, achimwene? Geti ndi lomwe lija, ndipo pepala munamata nokha. Ndamvera. Kapena kumvera kulinso ndi bokosi lake?"

Malemu anati, "Funsoli silikufunsa chifukwa. Likungofuna inde kapena ayi."

Akazi a a Likhweru analowererapo. "Alamu, ingolembani inde. Munthu wavala ovolosi chikhalire, mukuti sakufuna ntchito? Adzadziwa ndani?"

Akuti malemu anagwira pensulo nthawi yaitali, mpaka mwana anagona. Kenako anati, "Ndalemba kale anthu mazana awiri amene anayankha ngati iyeyu. Ndikanamizira wa kwathu, aja ndiwatani? Izi ndi nambala chabe, mlamu, sizikudya munthu." Anachonga ayi. A Likhweru anawaperekeza mpaka pamsewu akuwaseka kuti kalaliki wa kumwamba adzakhala ameneyu. Tsiku limenelo panalibe amene ankadziwa kuti mafomuwo adzagwiranso ntchito ina.

Lipoti linatuluka mu Juni. Pa anthu 520 aja, 190 anapezeka kuti ali pa ntchito, chifukwa wina anakhomera neba chitseko, wina anakankha galimoto yokanika n'kupatsidwa kangachepe. Anthu 260 anagwera m'bokosi lachitatu. Malova anatsala 70, ndipo ambiri mwa iwo anali aja amene sanamvere pepala la pageti. Atawerengetsa bwinobwino, osalakwitsa paliponse, ulova unapezeka kuti ndi atatu pa zana. Lipoti linati mumsewu wa mafakitale ntchito zakwanira. Malemu anabwereza samuyo kasanu pa tebulo la kunyumba, kufuna kupeza pamene yalakwika. Sinalakwike.

Mu Ogasiti chaka chomwecho fakitale ya mabulangete inapeza oda yaikulu, n'kufuna anthu makumi anayi. Mabwana anapempha bungwe limene linasunga mafomu aja kuti liwapatse mayina a malova, bungwe n'kupereka mayina 70 aja. Nkhani itamveka, anthu anathamangira kugeti, ndipo wowerenga mayina anali malemu. Anaona dzina lililonse asanalitchule, choncho anadziwa asanayambe kuti la mng'ono wawo mulibe. Analowa anthu amene a Likhweru anawaphunzitsa kumanga ulusi. A Likhweru anaima kutsogolo penipeni, ovolosi ili yochapa. Malemu atapinda pepala, mng'ono wawo anafunsa mwakachetechete, "Mwamaliza, achimwene?" Iwo anati, "Ndamaliza." Anafunsanso, "Kuseri kulibe?" Malemu anatembenuza pepala n'kuwaonetsa.

Tikunena pamaso pa nonse kuti malemu anayesetsa kukonza. Kwa mabwana anauzidwa kuti mndandandawo si wa fakitale. Ku bungwe anauzidwa kuti fomu yosainidwa sisinthidwa, adikire kafukufuku wina pakatha zaka zisanu. A Peresenti anawayankha kalata mwaulemu kwambiri, kuti mafomuwo sanapangidwire kulembera anthu ntchito, ndipo n'zomvetsa chisoni, koma funso lachitatu linafunsidwa molondola ndipo linayankhidwa molondola. Anawayamikiranso kuti mafomu awo ndiwo anali aukhondo kuposa a wina aliyense.

Lolemba, pa 7 Febuluwale 2000, a Likhweru anadzera pageti ndi kachikwama paphewa. Anagogoda pa kawindo kaja n'kunena kuti, "Lembani, achimwene. Lero ndasaka." Anati amva kuti kumzinda wina fakitale ya simenti ikulemba anthu. Malemu anafuna kutuluka, koma inali nthawi yodinda makadi, mzere uli wautali, ndipo anangoti tionana ukabwera. Mu Epulo kunabwera kalata imodzi yonena kuti ku simenti sizinatheke, akupitirira kutsogolo. Sinanene kutsogolo kwake kuti n'kuti. Sikunabwerenso ina.

Kuchokera pamenepo malemu anadziikira lamulo, ndipo analitenga pa fomu yomwe ija. Anati ngati munthu amachoka m'masamu pakatha masabata anayi osasaka, ndiye kuti masabata anayi asadzathe iwo osasaka mng'ono wawo. Njira zakenso anatenga zomwezo: kupita pageti, kulemba kalata, kufunsa pagulu. Anagula kope lachikuto cholimba, ndipo ulendo uliwonse ankalemba tsiku, malo ndi yankho. Anaima pa mageti a mafakitale a simenti, a njerwa, a magalasi, a zitsulo zamalata, kunja, pakati pa odikira, akuyang'ana manja a kumanzere a anthu. Analembera zipatala ndi ndende. Katatu anaitanidwa kukaona mitembo yosadziwika, ndipo katatu konse anabwerera n'kulemba kuti si iye. Makope amenewo alipo asanu ndi anayi. Tawawerenga onse, ndipo palibe pamene padutsa masiku oposa 28.

Mu 2007 akazi a a Likhweru anapempha kuti akwatiwenso. Malemu sanakanize, anati zaka zisanu ndi ziwiri zakwana kwa munthu amene sanachonge kanthu. Mwana uja anali kumsana anakulira m'nyumba ya malemu, monga mwana wawo wamkazi.

Mu 2009 fakitale ya mabulangete inatsekedwa, ndipo malemu ndiwo anakhoma geti komaliza. Ankapitabe kumeneko m'mawa wina ndi wina, kukaima pa kawindo kopanda galasi. Pobwera ankauza mayi kuti tsopano ntchito zakwanira ndithu, makina opanda munthu palibe poti makina anagulitsidwa, wodikira pageti palibenso. Koma tsiku lina anabwera osaseka. Anati m'mawa wonse ankaona ngati tsidya la msewu paima anthu ovala ovolosi, osawoloka, osayandikira geti, poti anauzidwa kuti asayandikire. Mayi atafunsa kuti anali angati, anati sanawafunse, nambala akuidziwa kale.

Mayina 260 aja ankawadziwa pamtima, motsata mmene anayendera makomo. Ankawatchula chapansipansi akumeta ndevu, akudikira basi, akupukuta nsapato. Aneba ankati bambowa ndi opemphera. Akamva kuti wina mwa iwo wamwalira ankapita ku maliro, ngakhale kutali. Ena mwa inu mwabwera lero chifukwa munawaona pa maliro a bambo anu, munthu wosamudziwa atakhala kumbuyo, wosadya kanthu.

Mu 2012 mlongo wawo anapempha kuti banja livomereze kuti a Likhweru anatisiya, tikatenge chikalata cha imfa, tilire, tipume. Sanapemphe mwankhanza, ndi iwo amene anawabereka kumsana ali khanda. Malemu anayankha kuti, "Mlongo wanga, kwa akufa mulibe umboni. Kwa amoyo mukuti achoke. Ndiye mumuika pati? Bokosi lachitatu ndinaliona kale mmene limachitira." Anakhala chaka osayenderana. Mayi nawonso sanabise kuti zinawatopetsa. Ankati anakwatiwa ndi amuna awiri, wina wosaoneka koma wodya nthawi yambiri.

Chifuwa chinayamba kuwavuta mu 2019, ndipo madokotala anati ndi fumbi la thonje la zaka zija ankasesa. Maulendo anafupika, makalata anachuluka. Ulendo wawo wotsiriza unali wa pa 25 Sepitembala chaka chino, ku fakitale ya matumba apulasitiki, kumene mlonda anawauza kuti anthu a msinkhu umenewo salembedwanso kulikonse. Pa 2 Okutobala anagonekedwa m'chipatala. Anamwino anatifunsa ngati banja lathu ndi lalikulu chotere, chifukwa odwala akuitana abale osatha. Anali mayina 260 aja.

Sankafunsa za mankhwala kapena za tsiku lotuluka. Ankafunsa deti. Lamlungu pa 22 Okutobala, tsiku la 27 chichokereni ku fakitale ya matumba, anayesa kuzula kapaipi ka mpweya kuti adzuke. Dzanja linali litasiya kugwira pensulo. Anauza mayi kuti, "Mawa masabata anayi akutha. Ndimuchotsanso kachiwiri." Mayi, amene pa zaka zonsezi anali asanapiteko kukasaka ngakhale kamodzi, anati, "Gonani apa, bambo inu, musatichititse manyazi m'chipatala cha eni." Anatenga chithunzi cha a Likhweru m'chikwama cha malemu, anakwera basi mpaka ku depoti yaikulu, ndipo anayenda basi ndi basi kuonetsa madalaivala ndi makondakitala, ena mwa iwo obadwa chithunzicho chitajambulidwa kale. Anabwera dzuwa likupendeka, mapazi atatupa.

"Ndasaka. Sanapezeke."

"Munafunsa angati?"

"Ambiri."

Akuti malemu anatsegula diso limodzi. Mayi anati, "Makumi atatu ndi mmodzi, musandiyang'ane choncho." Malemu anati, "Lembani." Mzere wotsiriza m'kope lachisanu ndi chinayi uli m'zilembo za mayi.

Anatisiya Lolemba pa 30 Okutobala 2023, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 66.

Tsopano tibwerere ku msonkhano wa dzulo. Mlongo wa malemu anati pepalali ndi la amoyo, ndipo kutchula munthu amene mwina mafupa ake anauma kalekale ndi kunamiza anthu pa maliro a munthu amene sankanama. Anati atopa kukhala ndi mlongo amene sangamulire komanso sangamupatse moni. Mwana wa a Likhweru anati iye sakuwakumbuka bambo akewo nkhope, koma sakufuna kumva dzina lawo likudumphidwa pagulu, poti zinachitikapo kale kamodzi pageti. Ena anati tingolemba pansi pa tsamba, patokha, kuti palinso wina amene sitikudziwa za iye. Pamenepo mayi anati pansi pa tsamba ndiye bokosi lachitatu lomwe lija. Anafunsa kuti, "Pa masabata anayi apitawa, alipo m'banja muno anamusaka?" Anadziyankha okha. Anati, "Ndinamusaka ine, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndiye ali m'masamu. Lembani." Mlongo wa malemu analira, kenako anapempha kuti ngati a Likhweru akulembedwa, alembedwe pafupi ndi iwo, monga anabadwira.

Malemu asiya mkazi wawo. Asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, mmodzi mwa akaziwo ndi uja wobadwa kwa mng'ono wawo. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiya mlongo wawo mmodzi. Asiya mng'ono wawo mmodzi, a Likhweru, a zaka makumi asanu ndi limodzi, aatali pang'ono kuposa malemu, opanda nsonga ya chala cholozera cha kumanzere, odziwa makina olukira. Ngati alipo pakati panu amene anawaonapo kapena kumva za iwo, kulikonse, chaka chilichonse, aonane ndi mwana wawo tikamabalalika. Kope lachikhumi lili m'manja mwake.

Banja likuthokoza anamwino ndi madokotala a m'chipinda cha odwala chifuwa, amene ankawauza malemu deti loona tsiku lililonse ngakhale ankaona kuti likuwapweteka. Tikuthokoza aneba amene abwereketsa mipando ndi kutunga madzi, dalaivala amene wanyamula thupi, ndi akale a ku mabulangete, ku sopo, ku misomali ndi ku makatoni amene mwabwera ena ndi ndodo. Tikuthokoza mwapadera inu a m'gulu la 260 amene mukadali moyo ndipo mwafika pano. Malemu sanapeze mawu okupepeserani, koma sanakuiwaleni ngakhale mmodzi.

Bambo athu a Mulipangati, tafunsa pagulu, ndipo zilembedwa pa deti la lero, 1 Novembala. Masabata anayi akubwerawa si anunso. Gonani, mzimu wanu uuse mumtendere.